Kulozana Chala pa Magazi a Aphungu ku America

M'ndale za dziko la United States of America mwakhazikika chizolowezi chakuti phungu akangowomberedwa kapena kumenyedwa, andale ndi olemba nkhani a mbali ya wovulalayo amafulumira kunena kuti chiwembucho chabadwa m'mawu aukali a chipani chinacho, pomwe a chipani cholozedwa chalacho amayankha kuti wachiwembuyo ndi munthu wosokonekera mutu amene sakuimira aliyense, ndipo kawirikawiri mkanganowu umafika pachimake apolisi asanamalize ngakhale kufufuza m'nyumba ya munthu amene wagwidwayo. Nkhani ya lero ikuunika chizolowezi chimenechi, ndipo mfundo yake ndi yakuti mawu a atsogoleri alidi ndi mphamvu yokonza kapena kuwononga mitima ya anthu, koma kulozana chala kumene kumatsatira imfa kapena kuvulala kwa phungu sikufufuza mphamvu imeneyo, chifukwa kumayambira pa dzina la chipani cha wovulalayo m'malo moyambira pa umboni, kotero kuti kumafooketsa mfundo yoona poimangirira pa milandu imene siikugwirizana nayo.

Omvera ayenera kudziwa poyamba kuti Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, yotchedwa Congress, ili ndi zipinda ziwiri, china cha aphungu 435 oimira madera ndi china cha maseneta 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chilinso ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Pafupifupi mipando yonseyi ili m'manja mwa zipani ziwiri zokha, cha Democratic ndi cha Republican, zomwe zikutanthauza kuti pa tsoka lililonse landale pamakhala mbali imodzi yokha yoti ilozedwe chala, ndipo mbali imeneyo imadziwika kale tsokalo lisanagwe.

Mlandu umene udaonetsa bwino chizolowezichi ndi wa pa 8 Januwale 2011 mumzinda wa Tucson, m'chigawo cha Arizona, pomwe mayi Gabrielle Giffords, phungu wa chipani cha Democratic, adawomberedwa m'mutu akucheza ndi anthu a m'dera lawo panja pa sitolo ya Safeway. Anthu 6 adaphedwa, kuphatikizapo woweruza milandu John Roll ndi mtsikana wa zaka 9, ndipo ena 13, pamodzi ndi mayi Giffords, adavulala. Dzuwa lisanalowe, maso a anthu ambiri adali atalunjika kale pa mayi Sarah Palin, amene adaimira chipani cha Republican pa mpando wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2008, chifukwa m'mwezi wa Malichi 2010 gulu lawo landale lidatulutsa mapu osonyeza madera 20 a aphungu a Democratic omwe adavomereza lamulo latsopano la zaumoyo, ndipo pa dera lililonse padali chizindikiro chofanana ndi timizere topingasana timene munthu amaona akamalunjika mfuti. Dera la mayi Giffords lidali limodzi mwa madera amenewo, ndipo mayiwo adali atachenjeza okha pa wailesi ya kanema, mapuwo atangotuluka, kuti zizindikiro zotere zimakhala ndi zotsatira zake. Mkulu wa apolisi m'boma la Pima, momwe muli Tucson, a Clarence Dupnik, omwe adali a chipani cha Democratic, adauza atolankhani tsiku lomwelo kuti chidani chimene chimalankhulidwa pa mawailesi chafika poipa ndipo chimalowa msanga mwa anthu a maganizo osakhazikika.

Dandaulo limeneli lidali lomveka, ndipo munthu wosakondera sakadatha kuikira kumbuyo mapu aja, makamaka wothandizira mayi Palin atayesa kunena kuti zizindikirozo zidali za anthu oyeza malo osati za mfuti. Koma ofufuza atamaliza ntchito yawo sadapeze umboni wakuti Jared Loughner, mnyamata wa zaka 22 amene adawombera anthuwo, adaonapo mapuwo kapena kuti adali wotsatira wa mayi Palin. Chomwe chidapezeka n'chakuti mkwiyo wake pa mayi Giffords udayamba mu 2007, mapuwo asanaganiziridwe n'komwe, pamene adafunsa funso losamveka pamsonkhano wina wa phunguyo ndipo sadakhutire ndi yankho, komanso kuti ankadwala matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, amene amachititsa munthu kumva ndi kukhulupirira zinthu zomwe kulibe. Khothi lidagamula poyamba kuti sangathe kuzengedwa mlandu, ndipo atalandira mankhwala adavomera milandu yake mu Ogasiti 2012 n'kulamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pofika nthawi imeneyo nkhani ya mapu idali itakhazikika kale m'mitu ya anthu ngati chinthu chotsimikizika, pomwe mayi Palin, m'malo movomereza kuti chithunzicho chidali chosayenera ngakhale kuti sichidaphe munthu, adatulutsa kanema pa 12 Januwale 2011 woyerekeza kunenedwa kwawo ndi bodza lakale limene linkanamizira Ayuda kuti amapha ana a Akhristu, kuyerekeza kumene kudapweteka ambiri poganizira kuti mayi Giffords ndi Myuda.

Chimene chidasokonekera ku Tucson, ndipo chakhala chikusokonekera kuchokera pamenepo, ndi kuphatikiza mafunso osiyana ngati kuti ndi funso limodzi. Pali funso la malamulo, lofuna kudziwa ngati wolankhula angazengedwe mlandu, ndipo ku America yankho lake nthawi zambiri limakhala ayi, chifukwa khothi lalikulu la dzikolo lidagamula mu 1969, pamlandu wa pakati pa Brandenburg ndi chigawo cha Ohio, kuti boma silingalange munthu chifukwa cha mawu oyamikira ziwawa pokhapokha ngati cholinga cha mawuwo ndi kuyambitsa kuphwanya malamulo nthawi yomweyo ndipo zikuoneka kuti ziterodi. Pali funso la chimene chidachititsa chiwembu, lomwe limayankhidwa ndi makalata, foni, kompyuta ndi mbiri ya umoyo wa wachiwembuyo, ndipo yankho lake limatenga miyezi. Ndiye palinso funso la khalidwe, lakuti kodi mtsogoleri amayenera kulankhula motero, lomwe silidikira imfa ya munthu kuti liyankhidwe, popeza mapu okhala ndi zizindikiro za mfuti adali oipa pa tsiku limene adasindikizidwa ndipo akadakhalabe oipa ngakhale mayi Giffords akadapanda kukhudzidwa. Woloza chala amatenga yankho la funso la khalidwe n'kulipereka ngati yankho la chimene chidachititsa, ndipo wolozedwayo akangosonyeza kuti umboni palibe, amachoka atadziyeretsa pa mafunso onse nthawi imodzi, ngakhale pa lija limene adalidi wolakwa.

Patapita zaka 6, mbali ziwirizi zidasinthana malo ndi mawu omwe. Pa 14 Juni 2017, aphungu a Republican akukonzekera masewero a baseball m'bwalo lina ku Alexandria, m'chigawo cha Virginia, James Hodgkinson, bambo wa zaka 66 wochokera ku Illinois, adayamba kuwawombera ndipo adavulaza koopsa a Steve Scalise, omwe adali achitatu pa utsogoleri wa chipanicho m'chipinda cha aphungu, moti pakadapanda apolisi amene ankateteza a Scalise, anthu ambiri akadafa m'mawa umenewo. Apa umboni wa ndale udali wochuluka kuposa wa ku Tucson, chifukwa bamboyu ankalemba mawu achidani pa Facebook onyoza mtsogoleri wa dziko, a Donald Trump, ndi chipani chawo, adagwirapo ntchito yodzipereka pa kampeni ya seneta Bernie Sanders yofuna kuimira chipani cha Democratic pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, ndipo adapezeka ndi pepala lokhala ndi mayina a aphungu a Republican. Mbali ya Republican, yomwe mu 2011 inkaumirira kuti wolakwa ndi wogwira mfuti yekha, tsopano idati chiwembuchi ndi chipatso cha mkwiyo umene a Democratic ankafesa, ndipo a Newt Gingrich, sipikala wakale wa chipindacho, adali m'gulu la olankhula zimenezi. Mbali ya Democratic nayo idatola mfundo imene idaikana kale, yakuti mtsogoleri sangasenze mlandu wa munthu aliyense amene amamuwombera m'manja.

Usiku wa tsiku lomwelo nyuzipepala ya The New York Times idatulutsa ndemanga ya akonzi yomwe, pofuna kukumbutsa a Republican za mbiri yawo, idanena kuti kugwirizana kwa mapu a mayi Palin ndi chiwembu cha ku Tucson kudali koonekeratu. Zimenezi zidali zabodza, ndipo nyuzipepalayo idazikonza tsiku lotsatira, koma mayi Palin adakasuma kuti mbiri yawo yaipitsidwa. Mlanduwo udatenga zaka pafupifupi 8, ndipo kawiri konse, mu Febuluwale 2022 ndi mu Epulo 2025, gulu la nzika zosankhidwa kuti zigamule mlandu lidapeza kuti nyuzipepalayo ilibe mlandu, popeza malamulo a dzikolo, kuchokera pa chigamulo cha mu 1964, amafuna kuti munthu wotchuka asonyeze kuti wolembayo ankadziwa kuti akunama kapena sadasamale dala za choonadi. Chofunika kwambiri pa mlanduwu si chigamulocho, koma kuti akonzi odziwa ntchito, okhala ndi nkhokwe ya nkhani zawo zomwe zidafotokoza bwino za matenda a Loughner, adakumbukira chala chimene chidalozedwa mu 2011 n'kuiwala zimene ofufuza adapeza pambuyo pake.

Khalidweli likufanana ndi zimene zimachitika pamaliro ena kumudzi, pomwe dzina la mfiti limayamba kunong'onezedwa mtembo usanatuluke m'nyumba, ndipo dzinalo silichokera m'matenda a womwalirayo koma m'mikangano yakale ya malire a munda ndi ufumu. Woloza chala sikuti amakhala akunama mwadala nthawi zonse, chifukwa mantha ndi chisoni zimafuna yankho lofulumira, ndipo yankho lopezekeratu ndi mdani amene munthu ali naye kale. Koma pamwamba pa chibadwa chimenechi pali phindu looneka: andale amadziwa kuti nkhani imene yakhazikika m'maola oyamba ndiyo imakhalitsa, mawailesi a kanema okhala ndi mbali amasunga owonera powapatsa wina woti amukwiyire, ndipo masamba a mchezo a pa intaneti amafalitsa uthenga wamkwiyo mofulumira kuposa uthenga wopempha anthu kudikira.

Akatswiri a zandale ayesa kuyeza mphamvu ya mawu m'njira imene siidalira mlandu umodzi, ndipo zimene apeza sizikondweretsa mbali iliyonse kotheratu. Nathan Kalmoe adasonyeza mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 kuti uthenga wandale wokhala ndi mawu ankhondo, monga kumenya nkhondo ndi kugonjetsa adani, suwasintha anthu ambiri, koma umawonjezera mtima wovomereza ziwawa mwa anthu amene ali kale ndi chibadwa chaukali. Pa mfundo ngati imeneyi ndi pamene pamachokera lingaliro limene ena amalitcha uchigawenga wamwayi, kutanthauza kuti mtsogoleri akamanena mobwerezabwereza kwa anthu mamiliyoni kuti wakutiwakuti ndi mdani wa dziko, n'zoyembekezeka kuti wina adzachitapo kanthu ngakhale sizingadziwike kuti ndani kapena liti. Lingaliroli ndi lothandiza pofotokoza zochitika zambiri zikaonedwa pamodzi, koma ndi lofooka likagwiritsidwa ntchito pa chiwembu chimodzi, chifukwa silingatsimikizidwe kapena kutsutsidwa, ndipo n'chifukwa chake andale amalikonda. Kafukufuku wina wa mu 2022, wa Sean Westwood ndi anzake, adapeza kuti chiwerengero cha nzika zovomereza ziwawa zandale chimatsika kwambiri mafunso akafunsidwa momveka ndiponso oyankha mosasamala akachotsedwa. M'chaka chomwecho Joseph Mernyk, Robb Willer ndi anzawo adapeza chinthu chimene chikukhudza mwachindunji nkhani ya lero, chakuti otsatira chipani chilichonse amaganiza kuti a chipani chinacho amakonda ziwawa kuposa momwe zilili, ndipo akauzidwa chiwerengero chenicheni, iwonso amachepetsa mtima wawo wovomereza ziwawa. Ngati zili choncho, ndiye kuti kuuza mtundu wonse kuti theka la nzika zake lili ndi magazi m'manja kumalima munda womwewo umene wolankhulayo akuti akufuna kuuzula.

Apa pakufunika chenjezo, chifukwa kunena kuti zipani zonse ziwiri zimalozana chala sikutanthauza kuti zimalankhula mofanana kapena kuti zachita zofanana pa nthawi iliyonse. Seneta Chuck Schumer wa Democratic adaima pakhomo pa khothi lalikulu mu Malichi 2020 n'kutchula mayina a oweruza awiri, a Neil Gorsuch ndi a Brett Kavanaugh, kuti adzalipira chifukwa cha zigamulo zawo, ndipo atadzudzulidwa ndi mkulu wa oweruza, a John Roberts, adavomereza kuti sadayenera kulankhula motero. Phungu Paul Gosar wa Republican adafalitsa mu Novembala 2021 kanema wa zidole womuonetsa iye mwini akupha phungu mnzake, mayi Alexandria Ocasio-Cortez a Democratic, ndipo pamene chipinda cha aphungu chidamudzudzula ndi mavoti 223 kwa 207, aphungu awiri okha a chipani chake ndiwo adavomereza chidzudzulocho. Pa 6 Januwale 2021 khamu la anthu lidathyola nyumba ya Capitol, momwe Congress imakumanira, litangochoka kumsonkhano wa a Trump, omwe kwa miyezi iwiri adakhala akunena popanda umboni kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko chimene adagonja chidaberedwa, ndipo pamenepa mtunda wa pakati pa mawu ndi ziwawa udali wa maola ochepa ndi msewu umodzi. Wolemba nkhani amene amafananitsa zinthu zosafanana pofuna kuoneka wosakondera amakhalanso akunyalanyaza umboni, monga momwe amachitira woloza chala.

M'zaka zaposachedwa chizolowezichi chafika pa gawo lina loipirapo, pomwe mbali imene ikuopa kulozedwa chala siidikiranso kuti idziteteze, koma imapeka nkhani yake yosintha wachiwembu kukhala wa mbali inayo kapena yosandutsa wovulala kukhala choseketsa. Pa 28 Okutobala 2022, David DePape adathyola nyumba ya sipikala Nancy Pelosi wa Democratic ku San Francisco akufunsa komwe mayiwo adali, ndipo atawasowa adamenya amuna awo, a Paul Pelosi a zaka 82, ndi nyundo m'mutu. Iye mwini adauza apolisi kuti ankafuna kugwira sipikalayo ndi kumuthyola mawondo, ndipo zolemba zake za pa intaneti zidali zodzaza ndi nkhani zopeka za chiwembu chachinsinsi cha olamula dziko. Ngakhale zidali choncho, a Elon Musk, patangopita masiku ochepa atagula Twitter, adafalitsa nkhani yabodza yokhudza a Paul Pelosi n'kuifufuta pambuyo pake, ndipo Donald Trump Jr., mwana wa a Trump, adaika chithunzi choseka za nyundoyo, mwini wake wa mutu wosweka akadali m'chipatala.

Zimene zidachitika ku Minnesota pa 14 Juni 2025 zidaonetsa gawo limeneli mosabisa. Munthu wina wovala ngati wapolisi adagogoda usiku pakhomo pa seneta wa chigawo, a John Hoffman a Democratic, n'kuwawombera pamodzi ndi akazi awo, omwe onse adapulumuka, kenaka adapita ku Brooklyn Park komwe adapha mayi Melissa Hortman, nawonso a Democratic, sipikala wakale wa nyumba ya malamulo ya chigawocho, ndi amuna awo a Mark. Vance Boelter, wa zaka 57, adagwidwa madzulo a tsiku lotsatira n'kuimbidwa milandu, ndipo apolisi adati m'galimoto yake mudali mndandanda wa mayina ambiri a andale a Democratic ndi a anthu ochirikiza ufulu wochotsa mimba. Asanagwidwe n'komwe, mfundo ziwiri zoona zidali zitapotozedwa kale kuti zikhale nkhani yabodza: yoyamba yakuti mu 2019 bwanamkubwa Tim Walz wa Democratic adamuikanso m'komiti ina yolangiza za ntchito, yomwe imakhala ndi anthu ambiri a maganizo osiyanasiyana, ndipo yachiwiri yakuti masiku ochepa m'mbuyomo mayi Hortman adavota limodzi ndi a Republican pa lamulo lochotsa thandizo la zaumoyo kwa akuluakulu olowa m'dzikolo popanda zikalata, monga gawo la mgwirizano wa bajeti. Seneta Mike Lee wa Republican wa ku Utah adalemba pa X, dzina latsopano la Twitter, kuti izi ndi zimene zimachitika otsatira Marx akalephera kupeza zofuna zawo, ndipo adafufuta mawuwo pokhapokha seneta Tina Smith wa ku Minnesota, omwe adali bwenzi la womwalirayo, atakamupeza maso ndi maso m'nyumba ya Capitol.

Amene amati zonsezi zabwera ndi intaneti amaiwala mbiri ya nyumba yomweyo. Pa 22 Meyi 1856 phungu Preston Brooks wa ku South Carolina adalowa m'chipinda cha maseneta n'kumenya ndi ndodo seneta Charles Sumner wa ku Massachusetts mpaka kukomoka, chifukwa cha zimene a Sumner adalankhula masiku awiri m'mbuyomo podzudzula ukapolo ndi kunyoza wachibale wa Brooks. Nyuzipepala zambiri za kumwera zidati lilime la a Sumner ndilo lidaputa ndodo, anthu adatumizira Brooks ndodo zatsopano ngati mphatso, khothi lidamulipitsa madola 300, ndipo atatula pansi udindo anthu a m'dera lake adamusankhanso, pomwe a Sumner adatenga zaka zitatu asanabwerere pantchito mokwanira. Katswiri wa mbiri yakale Joanne Freeman adawerenga zochitika zaziwawa zoposa 70 pakati pa aphungu kuyambira 1830 mpaka 1860. Phunziro la nthawi imeneyo ndi lakuti mfundo yonena kuti mawu aukali amabala ziwawa ikhoza kusanduka chida cha womenya, chotsekera pakamwa munthu amene akudzudzula choipa chenicheni, popeza ukapolo udayeneradi kudzudzulidwa ndi mawu aukali.

Ku Britain, komwe mfuti si zophweka kupeza, aphungu awiri adaphedwa m'zaka zopitirira pang'ono zisanu, ndipo chizolowezi chomwechi chidaonekera ngakhale mocheperako. Mayi Jo Cox a chipani cha Labour adaphedwa ku Birstall pa 16 Juni 2016, sabata imodzi chisanachitike chisankho cha ngati dzikolo lituluke mu European Union, ndi Thomas Mair, munthu wotsata chiphunzitso choika azungu pamwamba pa mitundu ina, ndipo patapita zaka zitatu nduna yaikulu Boris Johnson idayankha monyoza phungu wina wamkazi amene adatchula imfa imeneyi popempha kuti mawu otcha anzawo opereka dziko achepe. A David Amess a chipani cha Conservative adabayidwa ndi mpeni pa 15 Okutobala 2021 m'tchalitchi cha ku Leigh-on-Sea, momwe ankakumana ndi anthu a m'dera lawo, ndipo mkangano udathamangira ku nkhani ya anthu obisa mayina pa intaneti ndi ku mawu achipongwe amene mayi Angela Rayner a Labour adanenera a Conservative mwezi wapitawo, pomwe wopha, Ali Harbi Ali, adali wotsatira gulu la Islamic State ndipo adauza khothi kuti adasankha phunguyo chifukwa chovomereza kuphulitsa mabomba ku Syria. Chomwe a ku Britain adachita mosiyana n'chakuti pa zisankho zonse ziwiri zobwezeretsa aphungu ophedwawo, zipani zikuluzikulu zopikisana nazo sizidaimike munthu, posafuna kuti mpando upezedwe kudzera m'magazi.

Chidzudzulo chimene chimaoneka kuti chili ndi mphamvu ndi chochokera mkati mwa chipani, chifukwa otsatira chipani samvera mdani akamawalangiza za ulemu, koma amamvera mtsogoleri wawo, ndipo Kalmoe pamodzi ndi Lilliana Mason, m'buku lawo la mu 2022, adasonyeza kuti uthenga wa atsogoleri wokana ziwawa umachepetsadi mtima wozivomereza. Zitsanzo zilipo koma ndi zowerengeka. A John McCain, omwe ankaimira chipani cha Republican pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, pamsonkhano wa kampeni ku Lakeville mu Okutobala 2008, adauza otsatira awo kuti a Barack Obama, omwe ankapikisana nawo, ndi munthu wabwino amene sayenera kuopedwa, ndipo khamu lawo lomwe lidawakuwiza. A Bernie Sanders adaima m'chipinda cha maseneta tsiku lomwelo la chiwembu cha ku Alexandria n'kunena poyera kuti wowomberayo adagwirapo ntchito pa kampeni yawo ndipo akunyansidwa nazo, osadikira kuti ena awakumbutse. Mu 2018, phungu Maxine Waters wa Democratic atauza anthu kuti azizinga nduna za a Trump m'malesitilanti ndi m'masitolo, mayi Pelosi ndi a Schumer adakana mawuwo. Chifukwa chimene zitsanzozi zilili zochepa chikuoneka pa aphungu awiri aja amene adavomereza kudzudzula a Gosar: mayi Liz Cheney, omwe adatsutsananso ndi a Trump pa nkhani ya pa 6 Januwale, adagonja pa chisankho cha chipulula mu Ogasiti 2022, ndipo a Adam Kinzinger sadaimenso. M'madera ambiri a dzikolo chipani chimodzi chimapambana mosavuta, kotero phungu saopa woimira chipani china koma mnzake wa m'chipani chomwecho amene angamunene kuti ndi wofewa, ndipo kudzudzula mdani kumabweretsa mavoti ndi ndalama za kampeni pomwe kudzudzula mnzako kumachotsa zonse ziwiri.

Mkangano wa mawu umakwiriranso mafunso ena ovuta kuyankha, monga lakuti zidatheka bwanji kuti Loughner, amene koleji yake idali itamuimitsa chifukwa cha khalidwe loopsa, agule mfuti movomerezeka mu Novembala 2010, funso limene mayi Giffords adadzipereka kulitsata atasiya uphungu, pomwe a Scalise adachira osasintha maganizo awo ochirikiza ufulu wokhala ndi mfuti. Umakwiriranso chiwonongeko chimene sichifika pa wailesi chifukwa sichikhetsa magazi. Apolisi oteteza nyumba ya Capitol adafufuza nkhani 3,939 za ziopsezo ndi mauthenga odetsa nkhawa mu 2017, nkhani 9,625 mu 2021 ndi 9,474 mu 2024, ndipo ziopsezo zimenezi zimachokera kwa adani ngakhalenso kwa otsatira chipani cha phungu yemweyo. Seneta Mitt Romney wa Republican adauza wolemba mbiri ya moyo wake, McKay Coppins, m'buku lotuluka mu 2023, kuti panali aphungu a Republican amene ankafuna kuvota kuti a Trump azengedwe mlandu pambuyo pa 6 Januwale koma adaleka poopera mabanja awo, ndiponso kuti iye mwini ankalipira madola 5,000 pa tsiku kwa alonda. Voti yosinthidwa ndi mantha siioneka m'kaundula aliyense, ndipo a Romney adatha kuvota monga mwa chikumbumtima chawo mwa zina chifukwa ndi munthu wolemera kwambiri. Chitachitika chiwembu cha ku Alexandria, chipinda cha aphungu chidawonjezera madola 25,000 kwa phungu aliyense kuti alimbitse chitetezo, ndipo bungwe loyang'anira ndalama za zisankho lidalola kuti ndalama za kampeni zigwiritsidwe ntchito poteteza nyumba za aphungu. Chitachitika cha ku Minnesota, zigawo zingapo zidachotsa pa intaneti maadiresi a nyumba za aphungu awo. Njira ziwiri zoyambazo zimathandiza kwambiri aphungu a ku Congress, koma aphungu oposa 7,000 a m'nyumba za malamulo za zigawo, omwe ambiri amagwira uphungu ngati ntchito yapambali ndipo amakhala m'nyumba zimene aliyense m'dera amazidziwa, kawirikawiri alibe alonda kapena ndalama zowalembera, ndipo ku New Hampshire phungu wa chigawo amalandira madola 100 pa chaka.